Anamanga wowachenjeza, sitima zinabwerabe

M'chaka cha 1837 sitima ya malonda ya ku America yotchedwa Morrison inafika ku Uraga, polowera ku Edo, mzinda womwe lero ndi Tokyo. Inalibe mizinga. Inanyamula anthu 7 a ku Japan omwe anapulumuka ngozi panyanja kuti ikawasiye kwawo, ngakhale eni sitimayo ankafunanso kuyambirapo malonda. Alonda a pagombe anailandira ndi mizinga, poti lamulo la 1825 linkati sitima yachilendo ikayandikira aziomba osafunsa. Apa n'kuti boma la banja la Tokugawa litatseka dziko kwa zaka pafupifupi 200, ndipo azungu ololedwa kuchita malonda anali a ku Netherlands okha, pa kachilumba ka Dejima ku Nagasaki.

Dokotala wina, Takano Choei, amene anaphunzira zamankhwala ku Nagasaki ndipo ankawerenga mabuku a azungu, analemba kuti kuomba sitima chonchi kudzaputa tsoka. Mu 1839 anamupatsa ndende ya moyo wonse. Ndendeyo itapsa mu 1844 anathawa, nadziwotcha nkhope ndi mankhwala kuti asadziwike, n'kumachiritsa odwala ndi kumasulira mabuku mobisa pa dzina lina. Anamupeza mu 1850, ndipo anafa pomwe ankamugwira. Mnzake Watanabe Kazan, amene analangidwa pa mlandu womwewo, anadzipha mu 1841. Nkhani ya anthu awiriwa imandiwawa, chifukwa sanapemphe ufumu kapena chuma. Anangonena zomwe ankaona zikubwera.

Machenjezo sanathere pomwepo. Mu 1842 dziko la China, lomwe Ajapani ankaliona ngati chimphona, linagonja kwa Britain pa nkhondo ya Opium. Boma la Japan linafewetsa lamulo loomba sitima lija, koma khomo linakhalabe chitsekere. Mu 1844 mfumu William II ya ku Netherlands inalemba kalata yowalangiza kuti atsegule okha asanakakamizidwe, iwo anakana. Mu 1852 a ku Dejima anawauza mosabisa kuti sitima zankhondo za America zikubwera chaka chamawa. Uthengawo unangozungulira mwa akuluakulu ochepa.

Anamva nkhwangwa ili m'mutu pa 8 July 1853, pamene Matthew Perry, mkulu wa sitima zankhondo za America zija, anaimika sitima zinayi ku Uraga komwe kuja, ziwiri zoyendera nthunzi, zikufuka utsi wakuda, mizinga italoza kumtunda. Atamuuza kuti apite ku Nagasaki anakana. Anasiya kalata ya Pulezidenti Millard Fillmore n'kunena kuti adzabwera kudzatenga yankho. Chaka chomwecho boma linachotsa lamulo loletsa kumanga sitima zikuluzikulu, koma sitima sumanga mdani ali kale pakhomo. Perry atabweranso mu 1854, pangano la Kanagawa linatsegula madoko a Shimoda ndi Hakodate.

Mukamva anthu akutama zomwe zinatsatira, musaiwale mtengo wake. N'zoona kuti boma la Tokugawa litagwa mu 1868, atsogoleri atsopano a nthawi ya mfumu Meiji anachita zamphamvu: mu 1871 nduna zikuluzikulu motsogozedwa ndi Iwakura Tomomi zinanyamuka kukaona mafakitale, sukulu ndi makhoti a ku America ndi ku Ulaya, ndipo mu 1872 njanji yoyamba inalumikiza Tokyo ndi Yokohama. Koma zonsezi anazichita atamangidwa manja ndi mapangano a 1858, omwe boma la Tokugawa linasaina ndi mayiko a azungu poopa mfuti. Mzungu akalakwira munthu pa nthaka ya Japan ankaweruzidwa ndi kazembe wa dziko lake. Msonkho wa katundu wolowa sunalinso m'manja mwa eni dziko. Madoko atatseguka mu 1859, amalonda achilendo anapeza kuti golide ku Japan n'ngotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi siliva, ndipo anamukokolola n'kupita naye kunja. Mitengo ya zinthu inakwera, mlimi ndi mmisiri omwe sanafunsidwepo kanthu ndiwo anamva kuwawa. Mu 1863 sitima za Britain zinaomba Kagoshima, mbali ina ya mzindawo n'kupsa.

Mphamvu yoweruza alendo m'makhoti awo Ajapani anaipezanso mu 1899. Yodziikira okha msonkho anaipeza mu 1911, patatha zaka 53 chisainireni mapangano aja.