Khutu likamagontha pang'onopang'ono popanda ululu

Pa ntchito yanga yoyendera mabanja muno m'kampu ya Dzaleka, ndimakumana ndi amayi achitsikana amene amuna awo amawanena kuti ndi amwano chifukwa sayankha akaitanidwa. Ena dzina lawo limawapitirira pa mzere wa kuchipatala. Nthawi zina vuto limakhala kafupa ka m'khutu, ndipo matendawa madokotala amawatcha otosclerosis.

Kuseri kwa ng'oma ya khutu kuli timafupa titatu tolumikizana. Mawu akagwedeza ng'oma ija, timafupato timapatsirana kugwedezekako mpaka kukafika m'kati mwenimweni mwa khutu. Komalizira, kotchedwa stapes, ndiko kafupa kakang'ono kwambiri m'thupi lonse, pafupifupi mamilimita 3. Pa matendawa, fupa lozungulira kafupaka limakula molakwika n'kukagwira, kenako kamaleka kugwedezeka. Mawu amafika pakhomo koma chitseko chalimba.

Nthawi zambiri amayamba munthu ali ndi zaka za pakati pa 20 ndi 40. Amagwira akazi kwambiri kuposa amuna, amayenda m'magazi a pabanja, ndipo amayi ena amaona kuti zakula ali oyembekezera. Khutu silipweteka, silituluka mafinya. Limayamba limodzi, linalo n'kutsatira. Ambiri amamva kulira m'khutu. Chodabwitsa n'chakuti odwala ena amamva bwino pamsika, pamene aliyense akukuwa, kusiyana ndi m'nyumba muli zii, ndipo iwo eni amalankhula motsitsa chifukwa mawu awo amawamvekera kwambiri m'mutu. N'chifukwa chake achibale amati akunamizira.

Ndinene mosabisa: matendawa sapezeka kwambiri mwa anthu akuda poyerekeza ndi azungu. Kuno makutu ambiri amagontha chifukwa cha mafinya, phula lotseka khutu, matenda oumitsa khosi kapena mankhwala ena monga kwinini. Wosiyanitsa zimenezi ndi woyeza makutu yekha. Kuthira mafuta ophikira kapena kutokosa ndi mtengo wa machesi sikungafike pa kafupako, koma kungaboole ng'oma.

Thandizo lilipo. Kachipangizo kovala m'khutu kamakweza mawu, ndipo pa vutoli kamathandiza ndithu. Palinso opaleshoni yochotsa kafupa kolimbako n'kuikapo kopanga, imene Dr John Shea anayamba kuichita ku America mu 1956. Ku Africa kuno nakonso akatswiri alipo. Mu Marichi 2019, Pulofesa Mashudu Tshifularo ndi anzake pa chipatala cha Steve Biko Academic ku Pretoria anaika m'khutu la munthu timafupa topangidwa ndi makina a 3D, koyamba padziko lonse. Ngati muli ndi mbale wa vutoli kumeneko, kaya ku Nellmapius kapena ku Mamelodi, muuzeni ayambire ku kiliniki ya pafupi n'kupempha kalata yomutumiza kwa dokotala wa makutu.

Ife tiyambire pa chipatala chathu chomwechi. Fotokozani kuti vutolo linayamba liti, khutu liti, komanso ngati mayi, bambo kapena agogo anagonthapo ali aang'ono. Pemphani kalata yokayezetsa kamvedwe. Ku Lilongwe amayeza pa ABC Hearing Clinic, ndipo ku Blantyre pa chipatala cha Queen Elizabeth. Podikira zimenezo, ngati muli ndi tsiku lokafunsidwa mafunso ku ofesi, uzani womasulira musanayambe kuti simumva bwino, akuyang'aneni kumaso polankhula, ndipo musavomere funso limene simunalimve.