Thonje la Bt: Phunziro kwa Alimi a ku Rivirivi

Mlimi ali yense wa thonje ku Rivirivi, m'boma la Balaka, adziwa mdani wace wamkuru, ndiye mbozi imene iboola zipatso za thonje zisanaphulike. Masiku ano kuli mbeu yochedwa Bt, imene mbozi ikadya mtengo wace imafa. Akatswiri anatenga mphamvu yopha mbozi kwa kacirombo ka m'nthaka kosaoneka ndi maso, naiika m'kati mwa mbeuyo.

Anthu ambiri aopa mbeu zotere, ndipo mantha aowo sanayambe lero. Pa njala ya 2002 dziko la America linatumiza cimanga cosinthidwa mwa njira yomweyi. Dziko la Zambia, m'nthawi ya Pulezidenti Levy Mwanawasa, linacikana. Boma la Malawi linacilandira, koma linalamula kuti ciyambe cagayidwa, kuopa kuti wina angacibzale nicisakanizika ndi cimanga ca makolo. Ufa sumera ai. Caka comweco Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Biosafety Act, lakuti mbeu zotere zisalowe m'minda ya anthu zisanayesedwe.

Thonje la Bt linadzera njira imeneyi. Linayamba kuyesedwa mu 2013 ku Bunda, m'munda wochingidwa ndi mpanda, mmene ngakhale njere imodzi sinaloledwe kuturuka. Pambuyo pace analiyesa m'madera olima thonje, ndipo mu 2019 alimi analoledwa kulibzala. Ena ayesa zaka zisanu ndi cimodzi zinacuruka. Koma mbeu ikafalikira m'midzi, palibe munthu angaitolenso kuibwezera m'thumba.

Tsono mlimi asanyengedwe ndi onena kuti thonjeli silifuna mankhwala. Lipha mbozi zokha. Nsabwe ndi tizirombo tina toyamwa madzi a m'masamba sitifa, cotero mlimi ayenera kuyendera munda wace sabata ndi sabata, napopera pamene mlangizi wanena. Adziwenso kuti mtengo wa mbeuyi uposa wa mbeu wamba, ndipo njere zace sasunga kuti abzale caka camawa.

Cinthu cimene ambiri aiwala ndi ici: pambali pa munda wa Bt payenera kukhala mizere ya thonje wamba. Mizereyi ioneka ngati yongodyetsa mbozi, ndipo ndiyo nchito yace. Pakati pa mbozi zambiri pali zowerengeka zimene sizifa ndi Bt. Agulugufe ace akakwerana okha okha, abala mbozi zosamva mankhwala. Koma akakwerana ndi ocokera m'mizere ija, ana ao amafabe. Ku India mbozi yofiirira inaleka kufa ndi thonje la Bt, alimi nabwerera ku mipope yao.

Atatha kukolola, mlimi azule mitengo yonse ya thonje naitenthe, monga mwa lamulo lakale.