Ndege ya batire iuluke bwanji? Mafunso ndi mayankho

Wowulutsa: Sabata ino makalata ambiri akufunsa za tindege ta batire totengera ndege zankhondo. Yoyamba yachokera ku Ndirande, kwa mnyamata wa Fomu 3. Akuti: "Ndinakhoma ndege ya malata ndi mawaya yooneka ngati Spitfire, koma imangothamanga pansi osanyamuka." Aphunzitsi, mumuthandize.

Katswiri: Mphwanga, luso uli nalo, koma malata ndi mawaya uwasiyire magalimoto oseweretsa. Ndege ya mapiko otalika mita imodzi isapitirire magalamu 500, batire ili momwemo. Ndiye kuti theka la paketi ya shuga. Thupi ndi mapiko upange ndi foam yoyera ija imene amatetezera TV kapena filiji m'katoni. Uidule ndi lezala yatsopano, uisalaze ndi sandipepa, kenako m'kati mwa phiko ulowetse kansungwi kowonda, kouma bwino, kuchokera nsonga ina kufika nsonga ina. Kumayiko akunja amagwiritsa ntchito mtengo wa balsa. Ngakhale ndege yeniyeni ya ku Britain, de Havilland Mosquito, imene inayamba kuuluka mu 1940, anaipanga ndi balsa ndi matabwa opyapyala. Ife kuno tili ndi chiwale: ukasenda khungu lolimbalo, zam'katizo n'zopepuka ndipo zimasemeka.

Wowulutsa: Mayi wina wa ku Zingwangwa akuti ndege ya mwana wawo inasungunuka atangoipaka penti.

Katswiri: Pepani mayi. Penti yopopera, guluu wa nsapato ndi super glue wamba zimadya foam. Mugule guluu woyera wa akalipentala ndi penti yosungunula ndi madzi. Apake kamodzi kokha, mopyapyala. Mawanga obiriwira ndi otuwa a ndege zankhondo ndi okongola ndithu, koma penti yokhuthala imalemera, ndipo kulemerako kumathera ku mchira.

Wowulutsa: Nkhani ya mchira ikugwirizana ndi kalata ya ku Chilomoni. Akuti ndege yawo imadzutsa mphuno, n'kupendekera mbali imodzi, n'kugwa chamutu.

Katswiri: Achimwene, mchira walemera. Spitfire ili ndi mphuno yaifupi ndi mchira wautali, choncho galamu imodzi yowonjezera kumbuyo imafuna magalamu atatu kapena anayi kutsogolo kuti zifanane. Yesani chonchi: gawani m'lifupi mwa phiko patatu, kuchokera kutsogolo. Ikani zala ziwiri kunsi kwa mapiko, pamene pathera gawo loyamba kapena patsogolo pang'ono. Ndege ikhale mowongoka, kapena iweramitse mphuno pang'ono. Ikakhalira kumchira, musamangirire mabawuti kutsogolo. Sunthani batire ipite kumphuno, ndipo palani mchirawo uwonde. Kumbukiraninso kuti Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopepukirapo, motero ndege yolemera imafuna liwiro lalikulu kuti inyamuke. Oyamba kumene, talikitsani ndi kukulitsa mapiko pang'ono, ngakhale asafanane ndendende ndi ndege yeniyeni.

Wowulutsa: Wa ku Machinjiri akufunsa ngati injini ya wailesi yakale ndi mabatire a laputopu zingagwire ntchito.

Katswiri: Injini ya wailesi ilibe mphamvu yozunguza pulopela mokwanira. Pamafunika ya mtundu wa brushless. Batire imodzi ya m'laputopu, ija amati 18650, imalemera magalamu pafupifupi 45, ndipo zambiri zakale zimafooka injini ikangokoka moto. Yabwino ndi LiPo ya mavoti 11.1, yolemera magalamu pafupifupi 100. Servo iliyonse, kachipangizo kowongolera ndege, ikhale ya magalamu 9. Chilichonse chikwere pasikelo chisanamatidwe, mulembe m'kope. LiPo imayaka moto ikabooka kapena ikatupa, ndiye musaitchaje usiku mutagona. Ndipo inu a ku Machinjiri, bwalo la ndege la ku Chileka lili pafupi nanu. Musaulutsire chakumeneko.

Wowulutsa: Yomaliza ndi ya bambo a ku Bangwe. Akuti mwana wawo akutaya nthawi ndi zidole.

Katswiri: Bambo, musamuletse, bola sukulu isagwe. Mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera ma drone ku Kasungu, ndipo mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata mogwirizana ndi Virginia Tech ndi yunivesite ya MUST. Masamu a kulemera ndi mapiko amene mwana wanu akuvutika nawo ndi omwewo amene amaphunzitsa kumeneko. Mumugulire kasikelo ka kukhitchini.

Wowulutsa: Omvera, ulutsirani pabwalo lopanda anthu, kutali ndi mawaya amagetsi, m'mamawa mphepo isanadzuke.