PHUNZIRO LA MWEZI UNO: KASANU NDI KAMODZI SI KASANU NDI KAWIRI

Werengani pamodzi: 2 Mafumu 5:1-14

Amayi anzathu, tisanayambe kukambirana, mmodzi awerenge mokweza nkhani ya Namani. Mneneri Elisa anamuuza kuti akasambe mu mtsinje wa Yordano kasanu ndi kawiri. Tiyeni tidzifunse: kodi Namani atavuuka m'madzi kachisanu ndi chimodzi, khate lake linali litachoka pafupifupi lonse, n'kutsala kachigamba kamodzi? Malembo satiuza choncho. Amatiuza kuti anachira atakwaniritsa chimene anauzidwa. Akanatopa n'kukwera galeta lake nthawi isanakwane, akanabwerera ku Siriya monga anabwerera.

Pa ntchito zimene timagwira mu Mothers' Union, zolinga zathu zili za mitundu iwiri, ndipo alembi athu ambiri amazilemba mofanana m'buku limodzi.

Mtundu woyamba ndi wa pang'onopang'ono ndi mtolo. Tikati tisonkhe matumba 20 a mpunga othandizira amasiye, n'kupeza 15, amenewo ndi matumba 15 enieni, ana adya. Amayi olima ku sikimu ya Bwanje amadziwa kuti munda ukapanda kubereka monga anayembekezera, chimene akolola sichitayika. Ndalama zogulira malata a tchalitchi n'chimodzimodzi. Apa mlembi akhoza kulemba kuti tafika theka, kapena tatsala pang'ono, ndipo sananame.

Mtundu wachiwiri ndi wa Namani. Ntchito yake imakhala kuti yatheka kapena sinatheke, pakati palibe. Ife amene tinagwirapo ntchito m'zipatala tinaiona kwambiri, ndipo ndi pamene tikufuna kukhalitsa lero.

Tiyambe ndi malungo, poti kuno kunsi kwa phiri, kuyambira ku Mua, Mtakataka mpaka Golomoti, udzudzu sutipatsa mpata. Kale tinkamwa kolorokwini. M'chaka cha 1993 dziko lathu linamusiya chifukwa tizirombo tinamuzolowera, n'kuyamba Fansidar. Mu 2007 Fansidar nayenso anasiyidwa, kunabwera LA. Mankhwala a LA amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, kawiri pa tsiku. Chimene chimachitika m'makomo mwathu tikuchidziwa tonse. Mwana akamwa kawiri katatu thupi limazizira, wayamba kusewera, ndiye mayi amasunga mapiritsi otsalawo kudenga kuti adzathandize mng'ono wake. Mayiyo si woipa mtima, akuganiza za mtunda wopita kuchipatala. Koma tizirombo totsala m'magazi timachulukananso, mwana amadwalanso, ndipo mng'ono uja adzalandiranso mankhwala operewera. Kumwa kanayi pa kasanu ndi kamodzi kumamveka ngati ntchito yambiri yachitika, koma pochiza malungo ndiye kuti mwanayo sanamalize.

Chifuwa chachikulu ndiye chimayesa mtima koposa. Mankhwala ake ndi a miyezi 6, tsiku ndi tsiku. Pofika mwezi wachiwiri kapena wachitatu munthu amasiya kutsokomola, thupi limabwerera, amayamba kupita kudimba kapena kunyanja. Apa m'pamene ambiri amasiyira. Matenda akabweranso akhoza kukhala osamva mankhwala oyamba aja, ndipo kuchiza kwake kumakhala kwakutali ndi kowawa. N'chifukwa chake m'kaundula wa TB mulibe malo olembapo kuti wodwalayu wachira theka. Pamapeto amalembedwa kuti wachira, wamaliza mankhwala, mankhwala alephera, wasowa, kapena wamwalira.

Katemera ndi wosiyanako pang'ono, ndipo tinene zoona. Mwana amene walandira katemera wina n'kuphonya wina ali ndi chitetezo ndithu pa matenda ena, sitinganene kuti zonse zapita pachabe. Komabe a zaumoyo samuwerenga m'gulu la ana otemeredwa mokwanira. Pali katemera wa pobadwa, wa pa masabata 6, 10 ndi 14, ndiponso wa chikuku pa miyezi 9 ndi kubwereza pa miyezi 15. Wa chikukuyu ndi amene amaiwalika, chifukwa mwana wayamba kuyenda ndipo mayi watopa ndi sikelo.

Masiku ano malipoti a zipatala amalowetsedwa m'kompyuta ku ofesi ya zaumoyo ya boma. Kuyambira cha m'ma 2012 Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa DHIS2. Chimodzi mwa zimene amayang'ana ndi kusiyana kwa ana amene anayamba katemera pa masabata 6 ndi amene anafika pa masabata 14. Kusiyanako ndi ana osiyira panjira. Nzeru imeneyi ndi yabwino, koma kompyutayo imaonetsa chiwerengero chokha. Siingakuuzeni kuti mwana wosowayo ali kuseri kwa msika, mayi ake anapita kukaweta mbalame kumpunga. Amene angadziwe zimenezo ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo, ndi ife.

Ndiye pali nkhani ya zimbudzi. Mudzi umalengezedwa kuti wasiya kuchita chimbudzi patchire pokhapokha patakhala kuti palibe khomo ndi limodzi lomwe lotsalira. Ena amati lamuloli ndi louma: makomo 49 pa 50 akumba, bwanji osawayamikira? Kuyamikira tiwayamikire, koma ntchentche yochokera pa khomo lotsalalo siifunsa kuti nsima iyi ndi ya ndani. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo madera a m'mbali mwa nyanja anavutika kwambiri. Kuno dothi la mchenga limagwetsa zimbudzi nthawi ya dzinja, kotero mudzi umene unali bwino mu Okutobala ukhoza kubwerera m'mbuyo mu Febuluwale. Cholinga chotere sichilembedwa kamodzi n'kutseka buku.

Tsono tilembe bwanji? Tikupempha alembi a nthambi zonse kuti pa cholinga cha mtundu wa Namani agawe tsamba pawiri. Mbali imodzi muzikhala mawu awiri okha: ZATHEKA kapena SIZINATHEKE. Musalembemo kuti "zikuyenda bwino", chifukwa mawu amenewa akhala akutigoneka tulo pa misonkhano yambiri. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mbali inayo muzilembamo pamene pafika ndi chimene chatsala, monga kuti mwana watsala ndi katemera wachiwiri wa chikuku, tsiku lake ndi lakuti, wokamukumbutsa mayi ndi uje. Mbali yachiwiriyi ndi yotiuza kumene tipite sabata ino, ndipo tisaiwerenge ngati malikisi.

Kalembedwe kameneka kali ndi ngozi yake. Anthu akadziwa kuti adzafunsidwa inde kapena ayi, ena amayamba kunama, monga zimachitikira pamene mudzi umanga zimbudzi za udzu usiku woti mawa kubwera alendo. Ena amagwa mphwayi, amati poti talephera basi tingosiya. Wapampando asadzudzule munthu pagulu chifukwa cha SIZINATHEKE. Afunse kuti chatsala n'chiyani, nanga apite ndani. Kumbukirani kuti Namani anapsa mtima n'kufuna kubwerera, ndipo amene anamubweza anali antchito ake, amene anamulankhula mwaulemu pambali. Ntchito yathu ndi ya antchito amenewo.

Chenjezo lina, ndipo ili tikulinena molimba. Buku la gulu limawerengedwa ndi anthu ambiri. Dzina la munthu amene akumwa mankhwala a TB, kapena ma ARV, lisalembedwe m'menemo. Ngati mwiniwake wavomera kuti mayi mmodzi azimuyendera, zikhale pakati pa awiriwo, ndipo m'buku mungolemba kuti wodwala woyamba, wodwala wachiwiri.

Pa msonkhano wa mwezi wamawa, mayi aliyense amene ali ndi mwana kapena mdzukulu wosakwana zaka ziwiri abweretse buku lake la kusikelo. Pemphani mlangizi wa zaumoyo wa kwanuko kuti adzakhale nanu theka la ola, aone mabukuwo limodzi ndi limodzi. Mlembi atengenso zolinga zimene nthambi yanu inalemba mu Januwale, muzigawe nokha kuti za mpunga ndi ziti, za Namani ndi ziti. Padzakhala zina zimene mudzatsutsana, monga kuyendera odwala kapena kukonzekeretsa ana ku chilimbitso. Mutilembere zimene mwagwirizana kudzera kwa wapampando wa parishi yanu.