Ndinasiya tirigu, bwanji m'mimba simukuleka?

Chaka chatha adokotala anandipeza ndi matenda a coeliac. M'tirigu, balere ndi rye muli chinthu chotchedwa gluten, chomwe kwa anthu ngati ine chimawononga matumbo mpaka amalephera kuyamwa chakudya. Ndinasiya buledi ndi magwinya, koma miyezi itatu inatha ndikutsegulabe m'mimba. Zomwe ndinaphunzira nthawi imeneyo ndi izi.

Choyamba, tirigu amabisala. Kuno ku Rustenburg ambiri timadalira kota, polony, soseji ndi supu wa m'mapaketi, ndipo zambiri mwa izi amaikamo ufa wa tirigu. Mageu ena amawasasitsanso ndi tirigu, ndipo mowa wa m'mabotolo ndi wa balere. Lamulo la zolemba pa zakudya la South Africa, R146 la 2010, limakakamiza makampani kutchula tirigu papaketi. Mukaona mawu akuti wheat, barley, rye kapena gluten, bwezerani pashelefu.

Chachiwiri, kakang'ono komwe kamavulaza. Tchipisi chokazingidwa m'mafuta omwe akazingira magwinya sichabwino kwa ife. Ine panopa ndili ndi poto, mthiko ndi sefa zanga.

Chachitatu, mkaka. Matumbo ovulala amavutika kugaya mkaka wosawawasa, ndiye umabweretsa mpweya ndi kupotokola. Yambani mwausiya milungu ingapo, kenako yesani chambiko, chomwe kuno amati amasi, pang'onopang'ono.

Nanga tidye chiyani? Mwayi wathu ndi woti chakudya cha kwathu chilibe gluten: nsima ya chimanga, kondowole, mpunga, mbatata, chinangwa, phala la mapira (kuno amati mabele), mazira, nsomba, nkhuku ndi nyama yosasakaniza. Ufa wa chimanga wa m'sitolo kuno amauwonjezera ayironi ndi mavitamini kuyambira 2003, zomwe zimathandiza chifukwa matendawa amachepetsa magazi.

Masiku otsegula m'mimba, idyani pang'ono koma kangapo: phala lamadzi, mpunga wofewa, nthochi zakupsa, mbatatesi yophika. Chepetsani mafuta, tsabola ndi zakumwa zotsekemera. Thirani masipuni ang'onoang'ono 8 a shuga ndi theka la sipuni ya mchere m'lita imodzi ya madzi owiritsa, n'kumamwa pafupipafupi. Ngati vuto ndi kudzimbidwa, onjezani nkhwani, bonongwe, papaya ndi madzi ambiri. Nyemba ziviikeni usiku wonse, mutaye madziwo musanaphike.

Kwa ine wolakwa anali supu wa m'paketi amene tinkathira m'ndiwo tsiku lililonse. Nditasiya, zinayamba kusintha. Koma pamafunika kudekha: matumbo a munthu wamkulu angatenge miyezi yambiri, mwinanso zaka ziwiri, kuti achire.

Chenjezo langa ndi ili: si vuto lililonse la m'mimba lomwe limabwera ndi tirigu. Mukaona magazi m'chimbudzi, kuonda, kutentha thupi kapena thukuta la usiku, thamangirani kukiliniki. Akhoza kukuyezani njoka za m'mimba, TB ndi HIV, ndipo pakafunika amatumiza ku chipatala cha Job Shimankana Tabane. Ngati simunayezedwe coeliac, musasiye tirigu panokha, chifukwa mukasiya msanga zoyeza zimatha kusaonetsa matendawo.

Musachite manyazi kukana buledi pamaliro kapena pamsonkhano. Fotokozani mwaulemu, mupemphe nsima.