Kusankha ndi Kugwiritsa Ntchito Mosamala Zipangizo za Mpweya Wopanikizidwa

Mawu oyamba

Mlangizi akamayendera dera lake safika m'minda mokha. Amafikanso ku zigayo, kumalo osankhira ndi kulongedza mbewu, kumafakitale ochotsa njere m'thonje, ndiponso kumagalaja a malo ofufuzira za ulimi kumene amakonzera mathirakitala. M'malo ambiri otere mumapezeka kompulesa, makina amene amakoka mpweya ndi kuupanikiza m'thanki kuti ugwire ntchito zosiyanasiyana monga kupopa matayala, kupenta, kumasula mabauti ndi kuyendetsa zotsekera za makina olongedza m'matumba. Popeza mpweya suoneka, sununkha ndiponso supsereza ngati magetsi, anthu ambiri amaupeputsa. Cholinga cha phunziro lino ndi kuthandiza alangizi kumvetsa mfundo imodzi yaikulu: chipangizo chilichonse chimene mpweya wopanikizidwa ukudutsamo chiyenera kukhala chopangidwira ntchitoyo ndi chotha kupirira mphamvu yake, chifukwa ngozi imayambira pa chipangizo chofooka kuposa zonse.

1. Mphamvu yosungidwa m'thanki

Mphamvu imene mpweya umakankhira nayo makoma a thanki kapena a paipi ndi imene amisiri amaitcha puresha. Mageji amaonetsa puresha m'miyezo yosiyana malinga ndi dziko limene adapangidwira. Ena amalemba bar, ena kPa, ena psi. Bar imodzi ndi 100 kPa, ndiponso ndi pafupifupi 14.5 psi. Makompulesa ambiri a m'magalaja amagwira ntchito pakati pa 6 ndi 8 bar.

Manambala amenewa amaoneka aang'ono, koma tiyeni tiwerengere. Bar imodzi imakankha ngati kulemera kwa kilogalamu imodzi pa kamalo kalikonse ka sentimita imodzi m'litali ndi sentimita imodzi m'lifupi. Mutu wa thanki yozungulira yotambalala masentimita 40 uli ndi timalo totere pafupifupi 1,250. Choncho geji ikamaonetsa 8 bar, mutu wa thankiyo ukukankhidwa ndi mphamvu yofanana ndi matani 10, kapena matumba 200 a chimanga a makilogalamu 50. Madzi sapanikizika, ndipo paipi ya madzi ikang'aluka amangotayika. Mpweya umapanikizika ngati sipuling'i, ndipo ukapeza potulukira umafutukuka nthawi yomweyo ndi kuponya zidutswa za chitsulo kutali. Ichi ndi chifukwa chake akatswiri amayesa kulimba kwa thanki poidzaza madzi.

2. Kusankha kompulesa

Gulu la alimi kapena mwini chigayo akafuna kugula kompulesa ayambe walemba zipangizo zonse zimene zidzagwiritsa ntchito mpweyawo. Chipangizo chilichonse chimafuna zinthu ziwiri: puresha yake, ndi kuchuluka kwa mpweya umene chimadya pa mphindi imodzi. Zida zambiri za m'manja zoyendera mpweya zidapangidwa kuti zigwire ntchito pa 6.3 bar, imene ili pafupifupi 90 psi. Kuchuluka kwa mpweya kumalembedwa m'malita pa mphindi kapena mu cfm, ndipo cfm imodzi ndi malita pafupifupi 28 pa mphindi. Ogulitsa ena amatchula mpweya umene pisitoni imakoka, koma nambala yofunika ndi ya mpweya umene kompulesa imatulutsadi, imene m'mabuku a makina imalembedwa kuti FAD. Nambala yachiwiriyi imakhala yocheperapo nthawi zonse.

Pali chinthu chinanso chokhudza chigawo chathu chino. Manambala a m'mabuku amawerengedwa ngati kuti makinawo ali m'mbali mwa nyanja yamchere, monga ku Beira kapena ku Durban. Koma mzinda wa Lilongwe uli pamtunda wa mamita oposa 1,000, Lusaka pafupifupi 1,300, Harare pafupifupi 1,500, ndipo Johannesburg oposa 1,700. Pamalo okwera mpweya umakhala wopepuka, kotero kuti pa mamita 1,000 kompulesa imakoka mpweya wochepa ndi gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo kupita pamwamba kumachepetsabe. Kompulesa yongokwanira pa pepala idzalephera ntchito m'malo oterewa. Zikatero amisiri amayamba kupotokola switchi ya puresha kuti ikwere kupyola malire ake, ndipo apa ndi pamene ngozi zambiri zimayambira.

3. Thanki ndi zotetezera zake

Thanki yabwino imakhala ndi kachitsulo kolembedwa dzina la amene adaipanga, chaka chimene idapangidwa, kukula kwake ndi puresha yaikulu imene ingapirire. Thanki yopanda kachitsulo kameneka isagulidwe ngakhale itatsika mtengo motani. Matanki opangidwa m'misika kuchokera ku mabotolo akale a gasi, migolo kapena matanki a giza ndi oopsa chifukwa palibe amene akudziwa malire ake.

Pa thanki iliyonse payenera kukhala geji yogwira ntchito, vavu yotetezera, ndi kampopi kotayira madzi pansi pake. Vavu yotetezera imatseguka yokha puresha ikafika pa malire. Nambala yolembedwa pa vavuyo isapitirire nambala ya pa kachitsulo ka thanki, ndipo pakati pa vavuyo ndi thanki pasakhale chotsekera china chilichonse. Vavu ikayamba kutulutsa mpweya kawirikawiri, ikunena kuti china chake chalakwika, makamaka switchi ya puresha. Kuimanga ndi waya kapena kuichotsa ndi kutsekapo ndi bauti ndi kuitana imfa.

Mdani wamkulu wa thanki ndi madzi. Mpweya wotentha madigiri 30 ungathe kusunga madzi okwana magalamu 30 m'malita 1,000 alionse. Ukapanikizidwa ndi kuzizira, madzi ambiri amatsalira m'thanki ndi m'mapaipi. M'nyengo ya dzinja, makamaka m'malo otentha ngati chigwa cha Shire, cha Luangwa ndi cha Zambezi, kompulesa yokoka malita 1,000 pa mphindi ingathe kutulutsa madzi oposa malita 8 ikagwira ntchito maola 8 osapuma. Madziwa amakhazikika pansi pa thanki ndi kuyambitsa dzimbiri mkati, pamene kunja utoto ukuwalabe. Motero madzi atayidwe tsiku ndi tsiku poweruka. Thanki ikayamba kudontha pansi, chitsulo chake chapyapyala kale ponseponse, ndipo kuiwotcherera kumangoifooketsa. Thanki yotere ibooledwe kuti wina asaigwiritsenso ntchito, kenaka itayidwe.

Maiko athu ali ndi malamulo oteteza anthu pa ntchito. Dziko la Malawi lidakhazikitsa lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act mu 1997. Dziko la South Africa lidakhazikitsa lamulo la Occupational Health and Safety Act mu 1993, ndipo mu 2009 lidatulutsa malamulo apadera a zipangizo zosunga puresha. Nthawi zopimira matanki zimasiyana m'maiko, choncho mlangizi afunse ku ofesi yoona za chitetezo cha apantchito m'dziko lake ndi kuuza eni makina kuti thanki ipimidwe ndi munthu wovomerezeka.

4. Mapaipi ndi zolumikizira

M'malo ambiri a zaulimi mumakhala mapaipi a PVC otsala pa ntchito ya mthirira, ndipo anthu amakopeka kuwagwiritsa ntchito poyendetsa mpweya poona kuti nambala ya puresha yolembedwapo ndi yokwanira. Nambala imeneyo ndi ya madzi. PVC imauma ndi dzuwa, imafooka ndi mafuta a kompulesa ndi kutentha, ndipo ikasweka ndi mpweya imaphulika kukhala zidutswa zakuthwa ngati magalasi. Bungwe la boma la America loona za chitetezo pa ntchito la OSHA lidachenjeza za ngozi imeneyi mu 1988. Mapaipi oyenera ndi achitsulo, akopa, a aluminiyamu, kapena apulasitiki amene wopanga wake walemba poyera kuti ndi a mpweya wopanikizidwa. Paipi yaikulu ikhale yopendekera pang'ono kulowera kumene kuli kampopi kotayira madzi, ndipo nthambi zake zichokere pamwamba pa paipiyo kuti madzi asatsikire ku zida.

Paipi yamphira nayonso ikhale yolembedwa puresha yake. Paipi yothirira dimba si yoyenera. Polumikiza pagwiritsidwe ntchito makilampu enieni. Waya kapena mphira za chubu cha njinga sizigwira. Paipi yamphira ikamasuka ili ndi mpweya imakwapula uku ndi uku ndipo chitsulo cha kumapeto kwake chingathe kuswa mutu wa munthu. Pa mapaipi aakulu pamangidwe kachingwe kachitsulo kogwira mbali zonse ziwiri za polumikizira. Izi zikachitika, munthu athamangire kotsekera mpweya. Asayese kugwira paipiyo.

Vuto lina limene limaoneka kawirikawiri m'chigawo chino ndi la mazinga. Makina athu amachokera kumaiko osiyanasiyana. Ochokera ku Britain, ku Ulaya ndi ku South Africa kawirikawiri amakhala ndi mazinga a mtundu wa BSP, pamene ochokera ku America amakhala ndi a NPT. Mano a BSP adapendekera madigiri 55, a NPT madigiri 60. Pa cholumikizira cha kota inchi, BSP ili ndi mazinga 19 pa inchi pamene NPT ili ndi 18. Pa cha theka la inchi mitundu yonse iwiri ili ndi mazinga 14, kotero kuti zimalowana ngati zogwirizana, koma sizigwirana mokwanira ndipo zingathe kufwamphuka. Wogula atenge chipangizo chakale popita kusitolo ndipo afunse mtundu wa mazinga ake. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.

5. Kuyeretsa mpweya ndi kuchepetsa puresha

Mpweya usanafike pa chida udutse m'zipangizo zitatu motsatana: sefa yochotsa fumbi ndi madzi, regulator yochepetsa puresha kufika pa mlingo wa chidacho, ndipo pomaliza kabotolo kothira mafuta ngati chidacho chimafuna mafuta. Timabotolo toonekera mkati ta zipangizozi timang'aluka tikakhudzana ndi petulo, thina kapena mankhwala ena, choncho titsukidwe ndi madzi a sopo okha ndipo tikhale ndi chotchingira chachitsulo.

Si ntchito zonse zimene zimafuna mpweya wofanana. Makina osankha mtedza, nyemba kapena mpunga poyang'ana maonekedwe a njere amachotsa njere zoipa poziwomba ndi mpweya. Mpweya umenewu umakhudza chakudya, ndipo suyenera kukhala ndi mafuta kapena madzi. Muyezo wa dziko lonse wa ISO 8573-1 umagawa mpweya m'magulu potengera fumbi, madzi ndi mafuta amene alimo, ndipo wogulitsa makina ayenera kunena gulu limene makina ake akufuna. Mpweya wa kompulesa ya m'galaja si wopumira munthu, chifukwa ungathe kukhala ndi utsi wa mafuta ndi mpweya wakupha wa carbon monoxide.

6. Makhalidwe oyenera pa ntchito

Chizolowezi chofala m'zigayo ndi chodzisasa ufa ndi fumbi pogwiritsa ntchito mpweya wa kompulesa. Mpweyawu ungathe kulasa diso ndi kanthu kakang'ono, kuboola nembanemba ya khutu, kapena kulowa m'magazi kudzera pa bala. Masewera olozetsa paipi kumbuyo kwa mnzako aphapo anthu chifukwa matumbo amang'ambika ngakhale munthu atavala. Malamulo a ku America amalola kuyeretsera zinthu ndi mpweya pokhapokha utachepetsedwa kufika pansi pa 30 psi, pafupifupi 2 bar, ndipo wogwira ntchito atavala zoteteza maso. Kuwomba fumbi la chimanga m'nyumba yotsekeka kumadzutsa mtambo umene ungathe kuyaka ndi kuphulika ukakumana ndi kamoto kakang'ono, komanso anthu amapuma fumbi la mankhwala osungira mbewu ndi la chuku. Tsache ndi nsalu yonyowa ndi zabwino koposa.

Popopa tayala la thirakitala kapena la ngolo yake, paipi ikhale yaitali ndi yodzigwira yokha pa vavu, kuti wopopa aime patali chakumbali, molunjika ndi mapazi a tayala. Matayala a malimu ogawika apopedwere m'khola lachitsulo. Pokhazika tayala laulimi pa limu, opanga matayala amachenjeza kuti puresha isapitirire 35 psi, pafupifupi 2.5 bar, likakana kukhala, mpweya uchotsedwe ndi kuyambanso. Limu isawotchereredwe tayala lili pomwepo. Botolo la okosijeni lowotcherera zitsulo lisagwiritsidwe ntchito m'malo mwa kompulesa, pakuti okosijeni akakumana ndi mafuta amayatsa moto.

Asanayambe kukonza chilichonse, mmisiri azimitse magetsi pa switchi yaikulu ndi kuikhoma loko, atseke vavu ya mpweya, atulutse mpweya wotsalira m'mapaipi, ndipo aone kuti geji yafika pa 0. Tikumbukire kuti kompulesa imadzilizira yokha puresha ikatsika kapena magetsi akabwera atazima. Ndi chifukwa chake lamba wake ayenera kukhala wotchingidwa nthawi zonse. Pofufuza pamene mpweya ukutuluka pagwiritsidwe ntchito thovu la sopo m'malo mwa dzanja.

7. Udindo wa mlangizi

Mlangizi sayembekezeka kukhala mmisiri wa makina, koma angathe kuona zinthu zimene eni ake adazizolowera. Akafika pamalo pamene pali kompulesa awerenge kachitsulo ka pa thanki ndi kuyerekeza nambala yake ndi ya pa vavu yotetezera ndi ya pa geji. Apemphe kuti kampopi ka pansi katsegulidwe iye akuona. Madzi ambiri ofiira ndi chizindikiro chakuti thankiyo yakhala nthawi yaitali osasamalidwa. Ayang'ane mtundu wa mapaipi, mmene adamangidwira, ndi chotchingira lamba. Alimbikitse gulu kusankha munthu mmodzi woyang'anira makinawo ndi kusunga kabuku kolembamo masiku otaya madzi, osintha mafuta ndi opima thanki. Akapeza vavu yotetezera yomangidwa, thanki yowotchereredwa kapena mapaipi a PVC, alangize kuti makinawo aimitsidwe tsiku lomwelo kufikira zitakonzedwa.

Mafunso okambirana pa maphunziro a alangizi

1. Geji ikuonetsa 120 psi pamene kachitsulo ka pa thanki kalembedwa 8 bar. Kodi thankiyo ili mkati mwa malire ake?

2. Gulu la alimi a mtedza lapatsidwa kompulesa yochokera ku America ndi mapaipi ogulidwa ku South Africa. Kodi muwalangiza kuti ayang'ane chiyani asanalumikize?

3. Mwini chigayo akunena kuti alibe ndalama zogulira thanki ina ndipo akufuna kuwotcherera yakale imene ikudontha. Kodi mungamufotokozere bwanji kuopsa kwake m'mawu amene angamve?