Mano, kutafuna ndi kunenepa kwambiri

Ophunzira inu, munthu wamkulu amene mano ake anamera onse amakhala nawo 32. Akutsogolo amaluma, koma ntchito yaikulu ili ndi otafunira, a kumapeto aja, amene amapera chakudya n'kuchisakaniza ndi malovu. Malovuwo amayamba kugaya nsima kapena mbatata isanafike n'komwe m'mimba.

Bungwe la WHO limati munthu wanenepa mopitirira muyezo ngati BMI yake, yomwe imayerekeza kulemera ndi msinkhu, yafika 30. Ambiri amangoona mimba ndi miyendo. Ine ndikufuna muyang'ane m'kamwa.

Mafuta akachuluka m'thupi satha kungokhala phee. Amatulutsa zinthu zimene zimayambitsa kutupa, ndipo nkhama nazo zimakhudzidwa: zimafiira, zimatuluka magazi potsuka, kenako fupa logwira dzino limadyeka mpaka dzino kuyamba kugwedera. Matenda a shuga, amene amakonda anthu onenepa, amakulitsa vutoli. Pamwamba pa apo, shuga wa mu tiyi ndi m'zakumwa za m'mabotolo, yemwe amanenepetsa, ndi yemweyo amene tizilombo ta m'kamwa timamusandutsa asidi wobowola mano.

Tsono mvetsetsani apa. Munthu wa mano owawa sayerekeza chimanga chootcha, mtedza, gwafa kapena nyama yolimba. Amathawira ku buledi wonyika mu tiyi, mandasi ndi phala lashuga, zimene zimatsika popanda kutafuna. Amameza msanga, pamene uthenga woti wakhuta umatenga mphindi pafupifupi 20 kuti ufike ku ubongo. Pofika nthawiyo, mbale yachiwiri yatha kale. Thupi limawonjezeka, nkhama zimaipiraipira, mano enanso n'kuguluka. Zimandipweteka kumva munthu wotere akunenedwa kuti ndi wadyera, wina akumuuza kuti azidya zipatso ndi masamba osamufunsa ngati ali ndi mano otafunira.

Ku Japan anaona kufunika kwa mano, ndipo mu 1989 anayambitsa kampeni ya 8020, yoti munthu afike zaka 80 ali ndi mano ake osachepera 20, chifukwa ndi amenewo amatha kudya pafupifupi chilichonse.

Inuyo tsukani mano kawiri patsiku, makamaka pokagona, ndi mankhwala okhala ndi fluoride. Mukaona magazi pa mswachi wa amayi kapena agogo kunyumba, apempheni mwaulemu kuti akaonane ndi adokotala a mano dzino lisanayambe kugwedera.